Lipoti la wodwala: mafuta ochuluka m'magazi, chiwindi chonona ndi ndere za spirulina

Ndimagwira ntchito pa kiliniki ya matenda osapatsirana m'tauni, komwe odwala ambiri ndi a shuga ndi a BP. Bambo amene ndikuwafotokoza pano ndawatsatira kwa miyezi 14. Anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe, ndipo dzina ndi zonse zimene zingawadziwikitse ndazichotsa. Ndalemba chifukwa mabotolo a spirulina, mapiritsi opangidwa kuchokera ku ndere zouma, akufika kawirikawiri pa tebulo langa, atatulutsidwa m'chikwama cha wodwala kumapeto kwa zokambirana, ndipo funso limakhala lomwelo: kodi izi sizingatsuke chiwindi changa?

Mmene anabwerera

Bambowa ali ndi zaka 46 ndipo ali ndi golosale yawoyawo. Anabwera ndi pepala la sikani lonena kuti chiwindi chawo chadzaza mafuta. Kusikaniko anapita chifukwa cha kutopa kosatha komanso kulemera kumene ankamva pansi pa nthiti za kumanja akadya. Tsiku lawo limatha atakhala pa mpando kuseri kwa kauntala. M'mawa ankamwa tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi buledi kapena mandasi, masana nsima ya ufa woyera ndi nyama yokazinga, kukatentha mabotolo awiri a zakumwa zotsekemera, ndipo poweruka ankaima pa chiwaya. Mowa ankamwa Lachisanu ndi Loweruka, mabotolo atatu pa tsiku. Fodya sasuta. Bambo awo anamwalira ndi sitiroko asanakwanitse zaka 60.

Ankalemera makilogalamu 94 pa msinkhu wa mita 1.70, kutanthauza BMI (muyeso wa kulemera poyerekeza ndi msinkhu) ya 32.5, yomwe imasonyeza kunenepa kwambiri. Mimba yawo pa mchombo inali masentimita 108, pamene mwamuna timafuna asapitirire 94. BP inali 146/92, ndipo inabwereza chimodzimodzi tsiku lina. Kumbuyo kwa khosi khungu linali lakuda ndi lokhuthala ngati litsiro losachoka, chomwe ndi chizindikiro chakuti thupi layamba kusamvera insulin, timadzi tomwe timatsitsa shuga m'magazi. Maso sanali achikasu, m'mimba munalibe madzi, kapamba sanatupe.

Magazi otengedwa asanadye anasonyeza mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides ali pa 4.8 mmol/L, pamene timafuna zikhale pansi pa 1.7. Cholesterol yense, mtundu wina wa mafuta a m'magazi, anali 6.9, ndipo HDL, amene amathandiza kuchotsa mafuta m'mitsempha, anali 0.8 chabe. LDL, cholesterol amene amatseka mitsempha, analembedwa pa pepala la ku labu koma sindinamukhulupirire, chifukwa labu imamupeza pochita masamu, ndipo masamuwo amasokonekera triglycerides zikapitirira 4.5. Ndinagwiritsa ntchito cholesterol yense kuchotsapo HDL, zomwe zinapereka 6.1. ALT ndi AST, zomwe zimakwera m'magazi chiwindi chikamavulala, zinali 68 ndi 44, ma platelet (tizigawo toundanitsa magazi) 230, ndipo HbA1c, yomwe imasonyeza mulingo wa shuga m'magazi pa miyezi itatu yapitayo, inali 6.1 peresenti, kutanthauza kuti shuga anali pa khomo koma asanalowe.

Kuno kwathu ku Malawi sindilola kuti sikani yokha itseke nkhani ya chiwindi. Hepatitis B ndi wochuluka pakati pa akuluakulu, makamaka amene anabadwa katemera wake asanalowe mu ndondomeko ya katemera wa ana mu 2002. Likodzo la m'matumbo nalo limasiya zipsera m'chiwindi, chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosungidwa ponyowa chimachiwononganso, osaiwala kachasu ndi mankhwala a zitsamba. Bambowa anapezeka opanda hepatitis B, hepatitis C ngakhale HIV, ndipo sikani sinasonyeze kukhuthala kwa njira za magazi kumene likodzo limabweretsa. Mowa wawo pa sabata sunafike mulingo woti nkukhala gwero lalikulu. Pofuna kudziwa ngati chiwindi chayamba kuchita zipsera ndinawerengera FIB-4, yomwe imagwiritsa ntchito zaka, AST, ALT ndi ma platelet. Inatuluka 1.07, pansi pa 1.3, choncho mwayi woti zipsera zafika patali unali wochepa. Ndinalemba kuti ali ndi matenda a chiwindi chonona otchedwa MASLD, dzina lomwe akatswiri a chiwindi anagwirizana mu 2023 m'malo mwa lakale la NAFLD, limodzi ndi mafuta ochuluka m'magazi, BP ndi kunenepa.

Ndinawayambitsa atorvastatin wotsitsa cholesterol, mamiligalamu 20, ndi amlodipine wa BP, mamiligalamu 5, ndipo tinakambirana za kadyedwe. Panja panali mzere wautali. Sindinawauze mawu amodzi ofunika, akuti atorvastatin ndi wotetezeka kwa munthu wa chiwindi chonona, ndipo zambiri zotsatira zinachokera pa mawu amene sindinanenewo.

Patatha miyezi itatu

Anabwera akumwetulira, ndipo tisanaone zotsatira anatulutsa botolo la mapiritsi obiriwira. "Adokotala, musandikalipire. Aja a usiku aja ndinasiya. Pa kapepala ka m'bokosi analembapo za chiwindi, ndiye ine ndi chiwindi chodwala kale ndimwe bwanji? Alamu anga ku Joni ananditumizira awa, akuti ndi achilengedwe." Atorvastatin anamumwa milungu itatu yokha. Kuchokera pamenepo ankamwa spirulina magalamu 3 pa tsiku, osaphonya. Botololo linali lomata bwino, lokhala ndi dzina la fakitale, nambala ya gulu limene linapangidwira ndi tsiku lothera mphamvu. Amlodipine ankamumwabe. Pa kadyedwe anasiya mandasi okha, poganiza kuti mapiritsiwo akugwira ntchito yotsalayo.

Sikelo inati makilogalamu 93. Triglycerides zinali 4.3, cholesterol yense 6.7, ALT 64. Iwo anaona manambala atatsika ndipo anakondwa. Ine ndinawauza kuti triglycerides zimasinthasintha motere ngakhale pakati pa Lolemba ndi Lachisanu, kutengera zomwe munthu wadya dzulo lake, ndiye kutsika kumeneku sikunali umboni wa kanthu.

Pano ndiyenera kunena chilungamo pa spirulina, chifukwa si chinyengo chopanda maziko. Ndi tizamoyo ting'onoting'ono tonga ulusi wopotana, tomwe timaoneka bwino pa maikulosikopu, ndipo asayansi amatitcha Arthrospira. Timatchedwa ndere ngakhale kuti kwenikweni tili m'gulu la mabakiteriya opanga chakudya ndi dzuwa. Timakonda madzi ofunda odzaza soda, ngati a nyanja za Natron ku Tanzania ndi Bogoria ku Kenya, komwe timadyetsa mbalame za flamingo. Amayi a mtundu wa Kanembu, kufupi ndi nyanja ya Chad, akhala akuzikokolola m'maiwe kwa mibadwo, kuziyanika pa mchenga n'kupanga timitanda totchedwa dihé tomwe amathira mu ndiwo. A Aztec ku Mexico nawo ankazikolola pa nyanja ya Texcoco. Zikauma, zoposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo zili ndi ayironi komanso utoto wabuluu wotchedwa phycocyanin. Ngati chakudya, ndi chakudya chabwino.

Mbiri yoti zimateteza chiwindi inachokera makamaka ku makoswe a mu labu. Akawadyetsa mafuta ambiri n'kuwapatsanso spirulina, mafuta m'chiwindi ndi m'magazi amachepa poyerekeza ndi anzawo. Maganizo ndi akuti phycocyanin amachepetsa cholesterol wolowa kudzera m'matumbo komanso amachepetsa kutupa kwa maselo a chiwindi. Mwa anthu, kafukufuku wake ndi wa magulu ang'onoang'ono ndi wa nthawi yochepa. Amene amatchulidwa kwambiri anachitika pa chilumba cha Crete ku Greece ndipo anafalitsidwa mu 2014. Anthu 15 a chiwindi chonona anamwa magalamu 6 pa tsiku kwa miyezi 6, ndipo ALT, triglycerides ndi cholesterol zinatsika. Koma panalibe gulu lofananitsa nalo lomwe silinamwe, ndipo atawajambulanso, sikani inaonetsa chiwindi chomwe chija. Chlorella, ndere ina yobiriwira yomwe imagulitsidwa pa shelufu yomweyo, yayesedwa ku Iran m'magulu ochepa kwa milungu yowerengeka, ndipo nkhani yake njofanana: manambala a m'magazi amasuntha pang'ono. Mmene ndikuonera ine, spirulina yoyera ikhoza kutsitsako mafuta a m'magazi, koma mphamvu yake njochepa kwambiri kuyerekeza ndi mankhwala a statin monga atorvastatin, amene ayesedwa pa anthu zikwizikwi n'kuoneka kuti amachepetsa sitiroko ndi matenda a mtima.

Mfundo imeneyi njofunika chifukwa chimene chimapha anthu ambiri a chiwindi chonona ndi mtima ndi mitsempha, kuposa chiwindi chenichenicho. Bambowa anasiya mankhwala oteteza ku matenda amene anatenga bambo awo, poopa matenda amene FIB-4 inasonyeza kuti akadali kutali. Komanso mmene anthu amaganizira, kuti mafuta a m'magazi amapita kukaunjikana m'chiwindi ngati matope mu ngalande, ndiye pafunika chotsukira, si mmene zimachitikira kwenikweni. Thupi likasiya kumvera insulin, mafuta a pamimba amasungunukira ku chiwindi, ndipo chiwindicho chimasandutsanso shuga wotsala kukhala mafuta, makamaka shuga wa mu zakumwa zotsekemera. Ena mwa mafutawo chimawasunga, ena chimawatumiza m'magazi ngati triglycerides. Mafuta a m'magazi ndi a m'chiwindi ndi ana a mimba imodzi, ndipo piritsi lomwe silikhudza shuga, mimba ndi kukhala pansi tsiku lonse silifika pa gwero lake.

Zonsezi ndinawafotokozera. Sindinawaletse spirulina ya m'botolo lija, pakuti sindinaone choipa mwa iyo, ndipo kuletsa chinthu chimene mlamu watumiza ndi chikondi kumangochititsa wodwala kukubisira. Ndinawapempha kuti ayambirenso atorvastatin. Anati, "Chabwino adokotala, ndamva." Pambuyo pake ndinadziwa kuti sanayambirenso.

Mwezi wachisanu: ufa wa m'kapepala

Anabwera tsiku lawo lisanakwane, ali ndi mayi a kunyumba. Kwa masiku khumi ankachita nseru, chakudya sichinkalowa, ndipo pansi pa nthiti za kumanja pankapweteka. Mayiwo ndi amene anaulula. Botolo la ku Johannesburg litatha, bambowa anagula ufa wobiriwira kwa munthu wina wotsatsa pa WhatsApp, yemwe anati ndi spirulina yemweyo koma wamphamvu ndi wotchipa. Unali m'timapepala ta pulasitiki topanda dzina la wopanga, topanda tsiku. Ankathira supuni yaikulu yodzaza m'madzi kawiri pa tsiku, kwa milungu isanu.

Thupi silinali lotentha, malungo sanapezeke, maso anali oyera. Chiwindi chinkapweteka pochikhudza. ALT inali 236 ndipo AST 168, pamene bilirubin, yemwe amabweretsa chikasu, ndi zoyezera zina za chiwindi, ALP ndi INR, zinali m'malo mwake. ALT yopitirira kasanu malire ake, omwe pa labu yathu ndi 40, imatikakamiza kuganiza za kuvulala kwa chiwindi kochokera ku mankhwala kapena zitsamba. Chimene chinanditonthoza ndi bilirubin, chifukwa ALT ikakwera limodzi ndi chikasu ndi pamene wodwala amakhala pa ngozi yeniyeni ndipo timamugoneka m'chipatala. Hepatitis B ndi C tinayezanso, sanapezeke. Ndinafunsa mmodzimmodzi za paracetamol, mankhwala a TB, maantibayotiki, mankhwala a asing'anga ndi mowa, ndipo mayiwo anatsimikiza kuti mowa anali atausiya chiyambire nseru, komanso m'mbuyomo sanawonjezere. Atorvastatin anali asanamukhudze kwa miyezi inayi, choncho iye analibe mlandu. Chatsopano m'thupi mwawo chinali ufa uja basi.

Tinausiyitsa tsiku lomwelo. Sindinapereke mankhwala ena alionse a chiwindi. Ndinawauza kuti akaona maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi, kusanza kosalekeza kapena kusokonezeka mutu, abwere ngakhale usiku. Patatha milungu iwiri nseru inali itatha ndipo ALT inali 140. Pa milungu inayi inafika 88, pa milungu isanu ndi itatu 61, pafupi ndi pamene inayambira. Kukwera ufa utayambika, kutsika kupitirira theka m'mwezi umodzi utasiyidwa, ndi kusapezeka kwa chifukwa china, ndi zimene zinandichititsa kulemba kuti ufawo ndiwo woganiziridwa kwambiri. Kuwamwetsanso kuti titsimikize sikukanakhala kwa umunthu, ndipo sindinayese.

Ufa wobiriwira wopanda dzina ukhoza kukhala chilichonse, kuyambira masamba osinja mpaka mankhwala osakanizidwa. Koma ngakhale utakhala spirulina weniweni, pali ngozi yodziwika bwino. M'maiwe osasamalidwa mumamera ndere zina za mtundu wa Microcystis, zomwe ndi maso sungazisiyanitse, ndipo zimatulutsa poizoni wotchedwa microcystin amene amalunjika pa chiwindi penipeni. Kuwiritsa sikumupha. Mu 1996 mu mzinda wa Caruaru ku Brazil, odwala impso oposa 50 anamwalira chiwindi chitalephera, madzi a makina otsukira magazi atalowa poizoni ameneyu. Bungwe la WHO linaika malire a maikulogalamu 1 pa lita imodzi ya madzi akumwa, zomwe zikusonyeza kuchepa kwa mulingo umene umadetsa nkhawa. Ndere zimayamwanso zitsulo monga lead, mercury ndi arsenic ngati madzi ake ali nazo. Opanga osamala amayeza zonsezi pa gulu lililonse la katundu, ndipo ntchito ya nambala ya pa botolo ndi imeneyo. Ku Japan kunalembedwanso mu 2002 za bambo wina amene manambala a chiwindi chake anakwera atayamba spirulina n'kutsika ataisiya.

Palinso anthu amene ndimawachenjeza ngakhale botolo litakhala labwino. Amene ali pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, asamale ndi chlorella, chifukwa ili ndi vitamini K wambiri amene amafooketsa mankhwalawo. Amene chitetezo cha thupi lawo chimalimbana ndi thupi lomwe, monga a lupus, ndimawalangiza kuzipewa. Vitamini B12 wolembedwa pa mabotolo a spirulina, wambiri mwa iye ndi wa mtundu umene thupi la munthu siliugwiritsa ntchito.

Kuyambiranso

Pa mwezi wachisanu ndi chiwiri tinakhala pansi atatu kwa nthawi yaitali, zomwe ndinayenera kuchita tsiku loyamba. Ndinatenga kapepala ka m'bokosi la atorvastatin n'kuwerenga nawo mzere umene unawaopsa. Ndinawauza kuti mankhwalawa mwa anthu ochepa amakweza ALT pang'ono, kuti kuvulaza chiwindi kwenikweni kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo tidzayeza pakatha milungu isanu ndi umodzi kuti aone okha. Anayambiranso mamiligalamu 20. Pa tsiku loyezalo ALT inali 55, ndipo pepalalo anapita nalo kunyumba kukaonetsa alamu awo pa foni.

Pa kadyedwe, amene anagwira ntchito yaikulu ndi mayi a kunyumba. "Bambo awa akadya kunja sindingawaone, ndiye chakudya cha masana ndiziwapakira ine," anatero. Tinagwirizana zinthu zochepa zotheka. Zakumwa zotsekemera zinachoka zonse, shuga wa mu tiyi anatsika mpaka supuni imodzi kenako theka. Nsima inakhala ya mgaiwa, mitanda iwiri m'malo mwa inayi, ndipo theka la mbale linakhala masamba, kaya bonongwe, nkhwani, chisoso kapena mpiru, ndi nyemba kapena nandolo. Chiwaya chinatsala cha kamodzi pa mwezi. Mowa ndinawapempha ausiye konse, popeza umakweza triglycerides msanga ndipo chiwindi chinali chitangovulala kumene. Galimoto anayamba kuisiya kunyumba masiku anayi pa sabata, n'kumayenda wapansi mphindi 35 kupita ku golosale. Cholinga chinali kutsitsa thupi ndi 7 mpaka 10 peresenti, chifukwa 5 peresenti imachepetsa mafuta m'chiwindi, koma kuti kutupa kuchepe pamafunika kupitirira apo.

Iwo anafunsabe ngati pali ndere iliyonse imene ndingaivomereze ndi mtima wonse. Ndinawauza kuti pa triglycerides, umboni wolimba uli pa mafuta a omega-3, ndipo ena mwa mafutawa amafinyidwa kuchokera ku ndere za m'nyanja yamchere zotchedwa Schizochytrium. Pa mulingo wa magalamu 2 mpaka 4 pa tsiku amatsitsa triglycerides moonekeratu, ngakhale kuti a mtundu wa DHA amatha kukwezako LDL ndipo sachotsa zipsera za chiwindi. Spirulina ilibe mafuta amenewa okwanira kuwatchula. Nsomba nazo sizidzipangira omega-3 wambiri, zimamutenga ku ndere kudzera mu tizilombo ta m'madzi tomwe zimadya. Usipa wa m'nyanja ya Malawi umakhalira tizilombo timeneti. Mbale ya usipa siifika pa mulingo wa makapisozi, koma ikalowa m'malo mwa nyama yonona yokazinga, phindu limakhala pawiri. Mayiwo anayamba kuphika usipa katatu pa sabata, wofutsa ndi tomato ndi anyezi, ataunyika kaye m'madzi ngati uli wa mchere chifukwa cha BP.

Sizinayende mosalala. Nthawi ya Khirisimasi anabwezera makilogalamu awiri, ndipo mvula itakula anasiya kuyenda kwa milungu itatu. Anabwera okha kudzanena, osadikira kuti sikelo iwaulule.

Mwezi wa 14

Analemera makilogalamu 86, kutsika ndi 8.5 peresenti, ndipo mimba inali masentimita 99. BP inali 132/84. Triglycerides zinafika 1.9, cholesterol yense 4.6, HDL 1.0, ndipo tsopano LDL anawerengeka bwino, 2.7. ALT inali 33, AST 27, HbA1c 5.8 peresenti. Sikani inasonyeza kuti kuwala kwa chiwindi kwachepa, koma mafuta sanathe onse. Kulemera kwa pansi pa nthiti kunasiya. Kutsika kwa cholesterol ndikukuika makamaka pa atorvastatin, pamene kutsika kwa ALT ndi kwa triglycerides ndikukuika pa makilogalamu asanu ndi atatu aja, mowa ndi zakumwa zotsekemera zimene anasiya. M'miyezi isanu ndi inayi yomalizayi sanamwe spirulina wa mtundu uliwonse.

Alamu awo atumizanso botolo lina, lomata, la fakitale yomwe ija, ndipo bambowa anabwera nalo kudzafunsa asanalitsegule. Ndawauza kuti kwa munthu amene chiwindi chake chinakwiyapo ndi chinthu chogulitsidwa m'dzina la spirulina, ine ndingakonde alisiye. Ngati asankha kumwa, asapitirire mulingo wolembedwa, asasiye atorvastatin, ndipo tiyeze ALT pakatha milungu inayi. Anati akaganiza kaye ndi mayi. Kuvulala kwa chiwindi kwa mwezi wachisanu ndinakulemba pa fomu yodziwitsa za zovuta za mankhwala, yomwe imapita ku bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno la PMRA. Adzabweranso pakatha miyezi itatu kudzayeza mafuta ndi BP, HbA1c tidzabwereza chaka chamawa, ndipo FIB-4 ndidzawerengeranso pakatha zaka ziwiri.